Mutu wa Pasipoti mu Ndowa ya Amayi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anga anasunga ndi kudyetsa galu amene anandiluma. Anthu ankafuna kumupha tsiku lomwelo, koma amayi anaima pakati. Nkhani imeneyi inandikhala pamtima nthawi yaitali, ndipo ndikanakhala mwana wapakamwa ndikanawafunsa anthu akumva kuti pakati pa ine ndi galuyo, amene anamubereka ndi uti.

Kwathu ndi ku Mkanda, m'boma la Mchinji, koma nthawi imeneyo tinkakhala kutsidya kwa malire, m'dziko la Zambia. Anali masiku aja matipate atangoyamba, aliyense atatulukira kumsewu ndi kageni kake. Bambo ankayendetsa thiraki ya bwana wina wa konko, choncho anatipezera nyumba ya lendi pafupi ndi boda kuti akamadutsa azitiona. Kudutsa kwakeko kunali kwa apo ndi apo. Akalowera ku Lusaka kapena kupitirira, tinkangodziwa kuti abwera tikamva hutala yawo pamsewu. Foni kunalibe.

Anthu amaganiza kuti kukhala kunja kumafuna ndege. Ife mapiri a Mchinji tinkawaona titaima pakhomo, chilankhulo chinali chomwechi kungosiyana apa ndi apo, koma tinali alendo ndithu. Pamjigo pakabuka mkangano wa amene anayamba kufika, mawu otsekera anali amodzimodzi: "Mukatunge kwanu ku Malawi." Amayi anazolowera kuyamba ndiwo kupereka moni, kuseka nthabwala zosaseketsa ndi kutunga madzi pomalizira. Sindinawamvepo akukweza mawu kwa munthu wa kumeneko.

Eni nyumba yathu anali a Tembo, bambo wamtali amene ankalankhula ngati akuitana ng'ombe kudambo ngakhale akungopempha mchere. Ankalima fodya, ndipo kuseri kwa nyumba yathu kunali balani yawo yowotchera fodyayo: kanyumba kanjerwa kataliatali, kopanda zenera kupatula kawindo kamodzi pamwamba, kokhala ndi chitseko chimodzi chachitsulo ndi kabowo kolowera mpweya m'munsi mwa khoma.

Geni ya amayi inali chimanga chophika ndi mtedza wokazinga. Ndikaweruka kusukulu ndinkasenza beseni kupita nalo kumene mathiraki ankaima pamzere kudikira kudutsa. Kumeneko kunali agalu ankhaninkhani opanda mwini, okhalira mafupa amene madalaivala ankataya. A katemera wa agalu ankabwera ndithu, mbali zonse ziwiri, koma ankabaya galu amene wabwera pachingwe ndi mwini wake. Nanga agalu a pa boda akanawakokera ndani? A ku Zambia ankati ndi agalu a ku Malawi, a ku Malawi ankati ndi a ku Zambia, agaluwo n'kumangoswana pansi pa mathiraki.

Mmodzi mwa iwo ankadziwika ndi aliyense. Madalaivala anamutcha Pasipoti chifukwa chammawa ankadyera ku Zambia, chamasana ku Malawi, osadinditsa paliponse. Anali wofiirira, khutu limodzi long'ambika pakati, wofatsa moti ana ankamukoka mchira iye n'kumangoyasamula.

Tsiku limenelo mvula inali itakata masana, fungo la dizilo litasakanikirana ndi la matope. Ndinali nditangotula beseni pambali pa thiraki ina pamene ndinamva ngati wina wandikola mwendo ndi waya. Kucheuka, ndinaona Pasipoti, mano ake ali m'katumba ka mwendo wanga wamanzere. Sanauwe, sanachenjeze. Analuma, n'kusiya, n'kuyamba kuyenda mwakachetechete kulowera njira ya kunyumba kwathu, mutu uli pansi. Ululu unabwera pambuyo, nditaona magazi akutsikira mu silipasi.

Dalaivala wina anandinyamula kukanditula kwa amayi. Akazi awo a Tembo anafika akuthamanga, ndipo ndikhulupirira kuti anabwera ndi mtima wabwino. Anati galuyo agwidwe, amumete ubweya pang'ono, auwotche, phulusa lake alipake pabala. Umu ndi mmene anthu ankachitira, kwathu ngakhale kumeneko. Amayi anga, aja osakana kanthu kwa eni dziko, anakankha dzanja la mayiwo osawayang'ana n'komwe. Anandikhazika pamwala wochapirapo, anatenga sopo wochapira zovala, n'kuyamba kutsuka balalo akuthira madzi a mu diramu amene anatunga mmawa wonse. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira polumidwa. Madzi atatha anatenga ndowa ya aneba osapempha, n'kupitiriza.

"Unamuponda?" anandifunsa.

"Ayi."

"Unamugenda? Unamulanda chakudya?"

"Ayi amayi, anangobwera yekha."

Ndinkayembekezera kuti akondwa poona kuti ndilibe mlandu. Koma nkhope yawo inagwa.

Apo n'kuti kuseri kukumveka phokoso. Amuna anali atamuthamangitsa Pasipoti ndi miyala ndi mipini, iye n'kuthawira mu balani ya a Tembo, imene inali yotsegula chifukwa ankaikonza. Amayi anandisiya pamwala pomwepo, sopo ali m'mwendo. Anadutsa pakati pa amunawo, anamenyetsa chitseko chachitsulo chija, n'kukoka mpiringidzo, n'kuima atachitsamira.

"Chokanipo amake Ene, imbwa iyi tipaye manje manje," anatero a Tembo, mpini wa khasu uli m'manja. Kumeneko galu amati imbwa, ndipo Ene ndine, Enelesi.

"Galuyu saphedwa lero, bambo."

"Mwafunta kodi? Waluma mwana wanu!"

"N'chifukwa chake saphedwa. Mukamupha lero, ndidziwa bwanji chimene wasiya m'thupi mwa mwana wanga? Ngati ndi chiwewe, ationetsa yekha. Mundibwereke balaniyi masiku khumi okha."

A Tembo anakalipa mpaka nkhuku zinabalalika. Fodya wawo anali atayamba kupsa kumunda, balani inkafunika, ndipo pakhomo pawo panali adzukulu oyenda opanda nsapato. Amayi sanasunthe pachitsekopo. Potsiriza a Tembo anaponya mpini pansi.

"Imbwa iyo ikatuluka n'kuluma mdzukulu wanga, mumange katundu mudutse boda tsiku lomwelo."

"Ndamva, bambo," anatero amayi.

Mawu akuti chiwewe ndinkangowamva potukwanizana. Tanthauzo lake anandiuza ndi ana anzanga madzulo omwewo, aliyense akuwonjezera zake. Anati ndiyamba kuuwa, ndiziyenda ndi manja, ndiziopa madzi, kenako ndifa. Wina wachifundo anati ndikhoza kupulumuka akandibaya majekeseni ozungulira mchombo ndi singano yaitali ngati sipoko ya njinga.

Mmawa mwake amayi anabwereka njinga n'kundikweza kupita kukachipatala ka mbali ya Zambia. Anandimanga bala bwinobwino, koma katemera wa chiwewe analibe. Tinadutsa boda mpaka kuchipatala china cha mbali ya kwathu. Namwino wa kumeneko anatiuza mosabisa kuti timabotolo tatsala tochepa, anthu olumidwa ndi agalu amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo ankasungira amene galu wake wadziwika kuti ndi wachiwewe. Anatitumiza kwa mkulu woona za ziweto. Mkuluyo anali akulemba zake, ndipo anafunsa osadzutsa mutu kuti galuyo ali kuti.

"Ndamutsekera," anatero amayi.

Apo m'pamene anadzutsa mutu. Anati ambiri amabwera galu atamupha kale n'kumutaya m'chimbudzi, kapena atasowa. Anawauza amayi kuti azimuyang'ana tsiku lililonse. Akatha masiku khumi akudya ndi kumwa, ndiye kuti mwana ali bwino. Koma akasintha kapena kufa, asakhudze malovu ake, ndipo abweretse mutu wake msanga. Tinabwerera opanda jekeseni, moyo wanga uli m'manja mwa galu wa mu balani.

Masiku otsatira, mmawa uliwonse amayi ankatunga madzi awiri. Ena ankathira m'kambale kachitsulo n'kukakankhira ndi ndodo pa kabowo ka balani. Ena ankathira m'kapu yanga yobiriwira n'kundipatsa.

"Imwa."

Ndikati sindikumva ludzu, ankabwereza mawu omwewo. Ankaima pafupi, maso ali pakhosi panga, mpaka kapu ithe. Kenako ankapuma mwamphamvu n'kupita kukagwira zina. Sindinkamvetsa, ndipo zinkanditopetsa.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali ndiwo. Pakhomo pathu usipa unali wowerengeka, koma amayi ankapatula wina n'kusakaniza ndi mkute wa Pasipoti. Ine mwendo uli chotupa, ndikutsimphina, iwo ali chogwada pa kabowo kaja kumvetsera ngati galu akutafuna. Akamva akudya, ankabwera nkhope ikuwala. Ndinkawaona ndili pakhonde, mtima ukuwawa ndi nsanje.

Anthu nawo sanachedwe kupeza tanthauzo lawo. Zinamveka kuti mayi wa ku Malawi uja akusunga galu woluma mwana wake kuti akhwimire geni. Pamjigo amayi ena ankasuntha ndowa zawo amayi akafika. Chimanga chathu chinayamba kubwerera chosagulidwa. Ana ankandiuwira ndikamadutsa, n'kuthawa akuseka. A Tembo ankabwera tsiku lililonse kuima patsogolo pa balani yawo manja ali m'chiuno, n'kunena mokweza, ngati akuuza mitengo, kuti fodya wawo akuwolera kumunda chifukwa cha imbwa yopanda mwini ndi alendo opanda manyazi. Amayi ankangowapatsa moni mwaulemu.

Tsiku lina zinandikwana. Atandipatsa kapu ija ndinaikankha, madzi n'kutayikira pa chitenje chawo.

"Inu mumakonda galu kuposa ine."

Ndinayembekezera mbama. Amayi anangotola kapu, anakatunga madzi ena, n'kubwera nawo.

"Imwa, Ene."

Mawu awo anali otsika kwambiri moti ndinachita mantha, ndipo ndinamwa.

Sabata isanathe, zinthu zinasintha. Mmawa wina amayi anakoka kambale ka chakudya ndi ndodo, n'kupeza kuti sikanakhudzidwe. Chakumasana mu balani munayamba kumveka kulira kumene sindinamvepo kwa galu aliyense, kosasa, kokokeka, kothera m'khosi. Kenako tinamva mano akukukuta chitseko chachitsulo. Amayi anasuzumira pa mng'alu wa chitseko, dzanja limodzi atanditsekereza nalo kumbuyo kwawo. Ndinawafunsa chimene akuona. Anati chibwano chake chalendewera, dovu likutayika, akuyesa kumwa koma madzi akungogwa. Ananena zimenezi ngati akuwerenga, osandiyang'ana.

Anapita molunjika kwa a Tembo, n'kugwada pabwalo pawo anthu akuona.

"Bambo, tsopano mupheni. Koma musaphwanye mutu. Mutuwo ndikuufuna."

A Tembo anabwera kudzamvetsera okha pachitseko. Anatuma munthu kukabwereka mfuti ya gogodela kwa mlenje wina, anathamangitsira ana tonse m'nyumba, n'kukwera makwerero mpaka pa kawindo ka pamwamba pa balani. Kulira kwa mfuti kunagwedeza malata athu. Mutuwo anadula okha, manja atawavindikira ndi majumbo, ndipo thupi analikwirira m'dzenje lakuya kuseri kwa munda. Amayi anakulunga mutu m'thumba la feteleza, n'kuuika mu ndowa yathu yotungira madzi, anavindikira, n'kumanga ndi chitenje pamwamba.

Tinanyamuka nthawi yomweyo, dzuwa lili pamutu. Amayi anasenza ndowa, ine ndikutsimphina pambuyo. Pa boda anatizolowera, ndipo tinadutsa ngati anthu opita kumsika. Nditaponda mbali ya Malawi mtima unakhala pansi. Ndinkati tafika kwathu, kwatsala n'kukwera matola basi.

Galimoto ya matola inali itaima pansi pa mtengo kudikira kuti idzaze. Wokweza katundu anali mnyamata wamkulu thupi, wovala malaya odula manja. Analandira ndowa kwa amayi, koma asanaiike anaima n'kununkhiza. Ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira chitenje.

"Muli chiyani umu, mayi?"

"Ndi katundu wa kuchipatala, achimwene. Musatsegule."

Mawu akuti musatsegule ndiwo anawononga zinthu. Zaka zimenezo kunali mphekesera zambiri za anthu ozembetsa ziwalo kudutsa nazo malire, ndipo munthu wonyamula chinthu chonunkha chokulungidwa sankafunsidwa kawiri. Mnyamatayo anamasula chitenje, anakweza chivindikiro, anasuzumira m'thumba, n'kukuwa akudumphira kumbuyo.

"Mutu! Mayi awa anyamula mutu!"

Sanati mutu wa chiyani. Anthu anakhamukira pamenepo kuchokera mbali zonse: osintha ndalama, ogulitsa mazira, okwera amene anali atakhala kale m'galimoto. Ndinamva mawu akuti mfiti, kenako akuti wakuba ana. Wina anati pansi pa thumbalo payenera kuti pali zina. Mayi wina anandigwira mkono n'kuyamba kundikoka, akuti mwanayu si wake, taonani wamuvulaza kale mwendo. Mwala unagunda ndowa n'kulira kuti ngwee. Ena ankati aitane apolisi, ena ankati ndowayo aithire petulo aiyatse pompo.

Ndinali mwana, koma ndinadziwa chimene chikanatayika. Ndowa ija ikapsa, tikafika kwa mkulu wa ziweto chimanjamanja, ndipo timabotolo tija tikapita kwa ena. Amayi anali atagwira chogwirira cha ndowa ndi dzanja limodzi, dzanja lina atandigwira ine, akukokedwa uku ndi uku. Mpango unali utagwa kumutu kwawo.

Ndiye anakuwa. Sindinkadziwa kuti m'chifuwa mwawo muli mawu otero.

"Tandimverani! Ndine wa ku Mkanda ine, mwana wa kuno konkuno! Uwu ndi mutu wa galu wachiwewe, ndipo waluma mwana wanga uyu!"

Anagwada, anamasula bandeji ya pamwendo panga mwamphamvu mpaka ndinalira, n'kuonetsa anthu mabowo a mano. Phokoso linatsika pang'ono. Amayi anapitiriza ali chogwada, akulankhula mothamanga.

"Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, Yosefe. Analumidwa ali msinkhu womwewu. Galu tinamupha tsiku lomwelo, tinapaka phulusa la ubweya, bala linapola, tonse tinaiwala. Itapita miyezi iwiri anayamba kutentha thupi. Ndinamutungira madzi m'chikho. Atangowaona anakuwa, khosi linamugwira, anandimenya chikhocho m'manja. Anamwalira atamangidwa ndi zitenje pamphasa, akulira ludzu, madzi ali pambali pake. Chikhocho ndinagwira ndine. Uyu sindimutaya choncho. Ndimenyeni ngati mukufuna, koma ndowa iyi ikafika."

Dzina la Yosefe ndinali ndisanalimvepo. Ndinayang'ana amayi, ndipo ndinakumbukira kapu yobiriwira ija ndi maso awo pakhosi panga.

Anthu ena anabwerera m'mbuyo, koma si onse. Bambo wina wa chipewa anati mfiti zimadziwa kulira, ndipo anatambasula dzanja kuti alande ndowa. Nthawi yomweyo kumbuyo kwa gulu kunamveka belu la njinga ndi mawu amene ndikanawazindikira ngakhale ndili m'tulo.

"Imwe! Siyani ndowa iyo! Ndine ndadula mutu uwo, na manja yanga aya!"

Anali a Tembo, thukuta lili kamukamu, buluku atalipinda mwendo umodzi. Anati atationa tikunyamuka anadziwa kuti mayi ameneyu ndi ndowa yake akayambitsa nkhondo, choncho anatitsatira. Anakankha anthu ndi gudumu lakutsogolo, anathyola kamtengo, n'kutsegula nako kukamwa kwa thumba lija.

"Penyani khutu ilo. Simum'dziwa? Ni Pasipoti uyu, mwadya naye pano zaka zingati?"

Anthu anasuzumira mmodzimmodzi, atatseka mphuno. Khutu long'ambika lija linali poyera. Ndinamva dzina la Pasipoti likuyenda m'gulumo, ndipo amene anatola miyala anayamba kuigwetsa mobisa kumbuyo kwawo. Mayi amene ankandikoka uja anandisiya n'kuyamba kundikonza kolala ya diresi. Ndinaona chinthu chodabwitsa tsiku limenelo: kwathu kwenikweni amayi anatchedwa mfiti, ndipo wowaikira kumbuyo anali munthu wa dziko lina amene sabata yonse ankatiopseza kutithamangitsa.

Wokweza katundu uja anayandikira amayi pang'onopang'ono, n'kutembenuza dzanja lake lamanja. Pamwamba pa chala chachikulu panali zilonda ziwiri zongoyamba kuuma, zodetsedwa ndi phulusa.

"Mayi," anatero, mawu atachepa ngati a mwana, "galu ameneyu anandiluma inenso. Sabata yathayi, ndikumupatsa fupa."

Palibe anaseka. Amayi anadzuka, anatola mpango wawo, n'kumuuza kuti akwere nafe. Ndowa ija anainyamula yekha mnyamatayo, anaikhazika pakati pa miyendo yake, ndipo dalaivala ananyamuka galimoto isanadzaze. A Tembo anatsala ataima ndi njinga yawo, akukalipira aliyense amene anali pafupi.

Mkulu wa ziweto atamva mmene galuyo anachitira mu balani, sanadikire zambiri. Mutu anausunga kuti autumize ku Lilongwe kukapimidwa, koma anati zotsatira zisatichedwetse. Anavala jekete n'kutiperekeza yekha kuchipatala. Anatibaya tonse awiri, ine ndi mnyamata uja, tsiku lomwelo. Jekeseni wake anali wa paphewa, singano yake yaing'ono wamba, moti ndinakhumudwa pang'ono poganiza kuti ndikawauza chiyani anzanga aja a sipoko ya njinga. Tinabwereranso masiku onse amene anatiuza, osaphonya. Patapita nthawi uthenga unabwera kuti Pasipoti analidi ndi chiwewe.

Fodya wina wa a Tembo anawonongekadi, ndipo sanaleke kutikumbutsa mpaka tsiku limene tinasamuka. Koma balani anaitsuka okha ndi madzi otentha, ndipo a katemera atabweranso, anagwira agalu atatu a pa boda ndi chingwe chawo n'kukawabayitsa, akunena kuti kuyambira lero ndi awo. Bambo atabwera n'kumva nkhani yonse, anakhala pansi atatsamira tayala la thiraki yawo nthawi yaitali osalowa m'nyumba. Amayi sanasiye kundipatsa kapu ija mmawa uliwonse mpaka chimanga chinauma m'minda, ndipo sindinaikankhenso.

Lero ndine mayi, ndipo ndimakhala ku Joni ndi mwana wanga Dalitso. Kuno ndiye kunja kwenikweni. Ndinadzipeza ndikuchita zonse zimene amayi ankachita: kuyamba ndine kupereka moni, kuseka zosaseketsa, kutsitsa mawu mu takisi kuti asadziwe kumene ndikuchokera. Agalu a kuno ena amagona pampando wa sofa, ena amangoyendayenda m'makwalala opanda mwini ngati a pa boda paja, ndipo ndikawaona ndimawoloka msewu.

Chaka chatha galu wa eni nyumba yathu anamuluma Dalitso pachala. Kanali kabala kakang'ono, ndipo eni ake anaseka n'kunena kuti amangosewera. Ndinamukokera mwanayo pampopi, ndinatsuka chalacho ndi sopo mpaka analira, kenako ndinakagogoda pachitseko chawo n'kufunsa kuti galuyo anabayidwa liti katemera. Anandiyang'ana ngati ndaiwala kuti nyumba ndi yawo. Ndinafunsanso, mokweza. Kuchipatala tinapita tsiku lomwelo, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti katemera amayenera kuyambidwa msanga, osadikira galu. Amayi anadikira chifukwa chosowa pogwira, ndipo m'kusowa kumeneko anagwira chimene chinalipo.

Ndili mwana ndinkaona mayi akugawira galu ndiwo zanga. Tsopano ndikudziwa kuti munthu amene ankagwada pa kabowo kaja ankadana ndi galuyo kuposa onse a mipini aja, ndipo ankamuopa kuposa ife tonse. Kumupha kukanawapepuza mtima tsiku limodzi, anthu n'kuwayamikira. Iwo anasankha kusekedwa, kutchedwa mfiti ndi kudedwa ndi mwana wawo yemwe, kuti mwanayo akule. Ndinaphunziranso kuti ulemu wa mlendo uli ndi malire ake: ukhoza kutunga madzi pomalizira chaka chonse, koma pa moyo wa mwana wako suyenera kupempha chilolezo.

Titabwerako kuchipatala ndinawaimbira amayi ku Mkanda. Akalamba tsopano, ndipo foni amaigwira ndi manja awiri. Ndinawafotokozera zonse, kuti galuyo anapezeka kuti ndi wobayidwa, kuti adokotala anati palibe choopsa. Anamvetsera osandidula.

"Ndamva," anatero. "Koma wamwa madzi?"

Dalitso anali pambali panga, kapu ili kukamwa. Ndinali nditamutungira ndekha osazindikira, ndipo maso anga anali pakhosi pake.

"Akumwa, amayi," ndinatero.